Mawu a Chingerezi ofanana kamvekedwe kapena kalembedwe

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene mwana wanu wa Fomu 4 amalembera "write" pamene akufuna "right", komanso ngati pali lamulo losiyanitsira mawu oterewa. Lamulo palibe, koma gwero la vutoli limadziwika.

Kale Angerezi ankatchula "w" wa mu "write" ndi "k" wa mu "knight", choncho mawuwa sankamveka mofanana ndi "right" ndi "night". William Caxton atabweretsa makina osindikizira mabuku ku England mu 1476, kalembedwe kanayamba kukhazikika pang'onopang'ono pamene katchulidwe kankasinthabe, mpaka zilembo zina zinangotsala papepala popanda wozitchula. "Meet" ndi "meat" nawonso anali ndi mavawelo osiyana amene anadzafanana pambuyo pake.

Palinso mawu olembedwa mofanana koma ochokera ku magwero osiyana. "Bank" yosungirako ndalama inachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza tebulo la osintha ndalama, pomwe "bank" yotanthauza gombe la mtsinje inachokera ku zinenero za ku Scandinavia. Ovuta kwambiri, mmene ndimaonera ine, ndi monga "lead", amene amatchulidwa mwanjira ina akamatanthauza kutsogolera ndipo mwanjira inanso akamatanthauza mtovu, kapena "tear", amene ndi msozi komanso kung'amba.

Musalole kuti mwanayo adzione ngati mbuli, chifukwa luso losiyanitsa mawu oterewa ali nalo kale m'Chichewa. Mukamutuma kukafunsa mtengo wa chimanga pamsika, sapita kukayang'ana mtengo wa mango, popeza mawu oyandikana nawo ndi kakwezedwe ka liwu zimamuuza tanthauzo. N'chifukwa chake ndimakana zoloweza mawu awiriawiri pamndandanda. Aziwalemba m'ziganizo zakezake, chiganizo chimodzi pa tanthauzo lililonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ana ambiri amaika "live" ndi "leave", "ship" ndi "sheep", kapena "pray" ndi "play" m'gulu lomweli. Kwa eni chinenero mawu amenewa samveka mofanana ayi. Amatisokoneza ife chifukwa Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, ndiponso "l" ndi "r" sasintha tanthauzo la mawu athu. Pamenepa dikishonale payokha siyikwanira. Mwanayo azimvetsera wina akuwatchula bwino, iye n'kumabwereza mokweza, asanakhale pansi kulemba mayeso a MSCE.