Musatumize machubu anu musanaone ndime ya zofalitsa

Achimwene, musasaine kaye. Ikani pepalalo pansi mumve zimene zinandionekera ine. Nditangowerenga zoti a ku labu akukufulumizitsani kuti musaine NDA, pangano losungirana chinsinsi, n'kutumiza machubu anu sabata ino, ati malo mu riyakitala yoyesera mafuta a nyukiliya angakudutseni, mtima wanga wagunda ngati zinachitika dzulo. Mawu ake ndi omwewo amene anatiuza ife, osasintha ngakhale limodzi.

Tinali kakampani kakang'ono, anthu osakwana 20, ndipo ntchito yathu inali ngati yanuyo, kukuta ndi chitsulo cha chromium machubu a zirconium, amene amasunga mafuta a nyukiliya mu riyakitala. Nonse muno mukudziwa kuti mpikisano umenewu unayamba bwanji. Ku Fukushima, ku Japan, mu 2011 zirconium itatentha kwambiri n'kukumana ndi nthunzi, inatulutsa haidrojeni amene anaphulitsa nyumba za mariyakitala, ndipo kuchokera pamenepo aliyense anathamangira mafuta opirira ngozi. Makampani akuluakulu anali atalowetsa kale ndodo zawo zoyesera m'malo opangira magetsi a nyukiliya ku America: ku Hatch mu 2018, kenako ku Vogtle ndi ku Byron mu 2019. Ndiye chromium payokha si chinsinsi cha munthu. Chathu chinali pakati. Chromium ndi zirconium zikagundana n'kutentha kufika cha m'ma digiri 1330 a Celsius zimasungunulana, ngakhale kuti chilichonse pachokha chimapirira moto woposa pamenepo. Ife tinapeza kachigawo kopyapyala koika pakati pa ziwirizi, ndiponso njira yokonzera khungu la chubu kuti kachigawoko kamatirire osasupuka. Zaka 4 za moyo wanga zinathera pa kachigawo kameneko. Mpaka lero sindinena kuti kanali ka chiyani, ngakhale kuti amene amafuna kudziwa anadziwa kale.

Vuto munalitchula nokha: malo oyesera ndi ochepa. Riyakitala ya Halden ku Norway itatsekedwa mu 2018, dziko lonse linakhamukira pa zochepa zotsalazo, monga ATR ku Idaho ndi BR2 ku Belgium. TREAT, ija yoyesera mafuta pa kukwera kwadzidzidzi kwa mphamvu, inali itangodzutsidwa mu 2017 itagona kuyambira 1994. Kampani yaing'ono ikapeza kampata imagwada. Labu imene tinapitako ife si mwa zimenezi ndipo sindiitchula, musavutike kundifunsa kumbali. Tinadikira pafupifupi zaka ziwiri. Tsiku limene anatiimbira kuti malo apezeka, abwana athu anasaina kontrakiti ya masamba ambirimbiri madzulo omwewo, loya asanaione n'komwe. Ine ndinalipo. Tinaomba m'manja.

Timachubu tinalowa, tinakhala m'moto miyezi yake, tinatuluka, tinadikira kuzizira, kenako tinapita mu hot cell, chipinda chotchingidwa chofufuziramo zinthu zotulutsa cheza choopsa. Amene simunaonepo, mumaima kuseri kwa galasi lachikasu lochindikala kwambiri, munthu akudula chubu chanu ndi manja achitsulo, inu osakhudza kanthu. Zotsatira zinali zabwino kuposa mmene tinkayembekezera. Kachigawo kathu kanali malo ake, kosang'aluka. Usiku umenewo sindinagone chifukwa cha chimwemwe.

Patapita miyezi ingapo ndinapita ku msonkhano waukulu wa akatswiri a mafuta a nyukiliya. Tsiku lachitatu, titangodya nkhomaliro, ndinalowa m'chipinda china chifukwa pa ndandanda ndinaona dzina la labu yathu ija. Ndinkati ndikawapatse moni. Ndinakhala chapakati, kope pamwendo. Amene ankalankhula anali mnyamata wamng'ono, wofufuza watsopano, mawu akunjenjemera pang'ono. Masilaidi oyamba anali a zinthu zodziwika. Atafika pa silaidi ya 14 ndinaona chubu chathu. Ndinachizindikira pompo ngati mmene mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake pagulu. Chithunzi cha maikulosikopu, chubu chodulidwa mopingasa: zirconium pansi, chromium pamwamba, ndipo pakati kamzere kathu kaja kakuwala bwinobwino. Dzina la kampani anali atachotsa, analemba kuti Sampulo B. Koma m'munsi munali kamzere kosonyeza muyeso, moti aliyense akanatha kuwerenga kuchindikala kwa kachigawoko ndi diso chabe. Kumbali kunali girafu yosonyeza chitsulo chilichonse chimene makina anapeza podutsa mzerewo, mayina ake onse olembedwa. Ndipo pansi penipeni, ndi zilembo zing'onozing'ono, kutentha kumene tinawotchera machubu tisanawatumize.

Bambo wina mizere iwiri kutsogolo kwanga anakweza foni. Ndinkamudziwa, ndinkadziwanso kumene amagwira ntchito. Kenako wina kumanzere. Kenako mafoni anangoti mbuu m'chipinda monse. Cholembera chinandipulumuka n'kugubudukira pansi pa mpando, sindinachitole. M'manja munazizira, m'makutu mukulira. Ndinkafuna kuimirira ndikuwe kuti zimitsani, koma ndikanatero ndiye kuti ndauza chipinda chonse kuti Sampulo B ndi ndani ndiponso kuti chimene chili pa khomalo n'chamtengo. Ndinangokhala duu. Silaidiyo inakhala pakhoma mwina mphindi ziwiri, koma kwa ine zinali ngati chaka. Pa nthawi ya mafunso bambo uja anafunsa mwaulemu kwambiri ngati kachigawoko anakaika mbali imodzi ndi chromium kapena padera, mnyamatayo n'kuyankha mosangalala, zonse, poganiza kuti akuthandiza sayansi. Ndinatuluka, ndinakaima pakhonde pafupi ndi pamene ankaika makapu a tiyi, ndikuimbira abwana mawu osatuluka.

Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Iye anapatsidwa zithunzi n'kuuzidwa kuti zaloledwa. Amene mpaka lero ndikamukumbukira magazi amawira ndi mkulu woona za makontrakiti wa labuyo. Titamuimbira sanapepese ngakhale mwachiphamaso. Anatiwerengera ndime ziwiri modekha ngati akuwerenga chilengezo. Yoyamba inkati labu ili ndi ufulu wofalitsa zotsatira ikatidziwitsa masiku 30 pasadakhale, ndipo tikakhala chete ndiye kuti tavomera. Anatidziwitsadi. Imelo inapita kwa mnzathu amene dzina lake linalembedwa mu kontrakiti, munthu woti anali atasiya ntchito chaka chathunthu. Iwo ankadziwa kuti anachoka, chifukwa miyezi yonseyo ankalemberana ndi ine pa china chilichonse, mpaka za mabokosi otumizira katundu. Koma kalata yofunika imodziyo anaiponya m'chitsime chouma, n'kuwerenga masiku 30, basi. Ndime yachiwiri ndi imene inandithyola msana. Anati chinsinsi chimene analonjeza kusunga ndi chimene ife tinawapatsa chodindidwa kuti n'chachinsinsi. Zithunzi ndi miyeso anazipanga okha ndi makina awo, choncho ndi zawo. Ndinamufunsa kuti kodi munthu akakusungitsa kalata yomata, iwe n'kuiunika pa nyali n'kukopera mawu ake, zimene wakoperazo ndi zako? Anati funso limenelo ndikafunse loya wathu.

Abwana athu nawo, amene anasaina osawerenga aja, anatembenukira ine. Ati ndinali woyang'anira ntchitoyo, ndinayenera kuona. Pamaso pa anthu amene anaika ndalama zawo mu kampani, dzina limene linatchulidwa ndi langa. Munthu amene ndinamutumikira usana ndi usiku sanathe kunena mawu awiri okha akuti tinalakwa tonse.

Loya atabwera anangopukusa mutu. Lamulo la ku America la 2016 loteteza zinsinsi za malonda limathandiza munthu amene wasonyeza kuti anayesetsa kusunga chinsinsi chake, ndipo limagwira amene wachitenga mwachinyengo. Apa panalibe wakuba, panali siginecha yathu. Patenti, chikalata cha boma choteteza luso latsopano, tinali tisanalembetse, chifukwa tinkati tisunge mwachinsinsi mpaka zotsatira zituluke. Ku Ulaya chinthu chikangoonekera pagulu musanalembetse ndiye kuti mwayi wapita. Ku America amapereka chaka chimodzi, ndipo tinathamanga n'kulembetsa, koma ganizirani: pakatha miyezi 18 zolembazo amazitulutsa poyera, patenti imakhala zaka 20 kuchokera tsiku lolembetsa, pamene kuyesa mafuta atsopano mpaka avomerezedwe kumadya zaka zoposa 10. Theka la moyo wa patentiyo limathera pamzere.

Ndiye achimwene, NDA imene akupatsaniyo isakupusitseni. Imateteza zimene mwalowa nazo pakhomo. Funsani za zimene zidzabadwire m'nyumbamo: zithunzi, miyeso, ngakhale zidutswa zotsala za machubu, n'za ndani ndipo zidzathera kuti. Ngati ndi labu ya boma la America ndipo mukulowa mu CRADA, mgwirizano wochitira kafukufuku limodzi ndi labuyo, dziwani kuti zotsatira zobadwira m'mgwirizanowo kawirikawiri zimatetezedwa zaka 5, ndipo zimafunika kudindidwa kuti n'zotetezedwa. Mawu akuti kukhala chete ndi kuvomera muwafufute, alembe kuti popanda chilolezo chanu cholembedwa safalitsa kanthu. Musakhulupirire munthu aliyense kumeneko, ngakhale amene mumamwa naye tiyi.

Koma musawabisirenso kanthu anthuwo. Ndikudziwa mmene zikumvekera pambuyo pa zonse ndanenazi, koma ndi zoona. Ife poyamba tinayesa kubisa chimene chili mu kachigawo kaja, ndipo a zachitetezo cha riyakitala anatibweza, n'chifukwa chomveka. Ayenera kudziwa chitsulo chilichonse cholowa m'moto, chifukwa china chimameza tizidutswa ta atomu totchedwa ma neutron n'kusokoneza mawerengedwe awo, china chimatuluka chili choopsa. Ka cobalt kochepa kobisala mu chitsulo kamasanduka cobalt-60 wotulutsa cheza choopsa, ndipo amene adzakumane nako ndi munthu wa mu hot cell uja, osati inu. Moyo wa munthu ameneyo ndi woposa chinsinsi chathu. Akatswiri ambiri amene ndinagwira nawo kumeneko anali anthu oona mtima, ndipo anatipulumutsa ku zolakwa ziwiri zikuluzikulu chifukwa choti tinawauza zonse. Mukadzafika ku NRC, bungwe la boma la America loyang'anira za nyukiliya, n'chimodzimodzi, amafuna zonse. Kumeneko njira ilipo: pansi pa lamulo la 10 CFR 2.390 mumapereka chikalata cholumbira chofotokoza chifukwa chimene zinazo siziyenera kuonedwa ndi anthu, n'kutumiza lipoti m'mitundu iwiri, lathunthu ndi lina lochotsedwa manambala achinsinsi. Pokonza lachiwirilo samalani kuti manambalawo achokedi mu failo, osangowaphimba ndi kabokosi kakuda.

Chinanso, popeza mwanena kuti muli ndi anzanu a kunja amene mukufuna akuthandizeni kuwerenga zotsatira. Ngati luso lanu lili pansi pa malamulo a America, lamulo la 10 CFR Part 810, loyang'anira kupereka luso la nyukiliya kwa anthu a kunja, limakhudza ngakhale imelo imodzi kapena kucheza ndi mnzanu wa dziko lina muli mu ofesi imodzi. Allen Ho, injiniya wa nyukiliya ku America, anavomera mlandu mu 2017 n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri chifukwa chothandiza kampani ya nyukiliya ya ku China popanda chilolezo cha boma. Pamenepo sipakhalanso nkhani ya kutaya malonda, imakhala ya ndende.

Malowo musawataye ayi. Mukawakana lero mwina mudzadikira zaka zina ziwiri, ndipo kampani yaing'ono sipirira kudikira kotero, ife tinatsala pang'ono kutseka tili pamzere. Lembetsani patenti yoyambirira, imene amaitcha provisional, sabata ino, machubu asanachoke, pemphani masiku ochepa chabe kuti loya wodziwa za nyukiliya awerenge, kenako sainani. Ndipo pa tsamba lolemba munthu wolandira zidziwitso musaike dzina la munthu mmodzi. Ikani adiresi ya imelo imene anthu atatu amaitsegula tsiku lililonse, ndi dzina la loya wanu pansi pake.