Ulusi wa kaboni m'malo mwa waya wa kopa: yankho kwa bambo wa ku Mufakose

Bambo wina wa ku Mufakose, amene amalumikiza magetsi m'nyumba za anthu, wandilembera imelo. Akuti wamva za ulusi wa ma carbon nanotube, wopepuka koma wodutsa magetsi, ndiye akufunsa chifukwa chake sitikuupanga kuno ku Harare poti mbava zatha mawaya a kopa.

Bambo, ulusiwo ulipodi. Kuupanga pang'ono anthu anakwanitsa kalekale. Pamene pavuta ndi kuupanga wambiri pa mtengo woti inu ndi ine tingaufikire.

Ma carbon nanotube ndi timachubu ta kaboni tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Tinatchuka mu 1991 pamene Sumio Iijima wa ku Japan anatifotokoza. Mu 2004 gulu la Alan Windle ku Cambridge linaonetsa njira yopota ulusi kuchokera m'ng'anjo mwachindunji, pogwiritsa ntchito chemical vapour deposition, mwachidule CVD. Amatenthetsa paipi kupitirira madigiri 1,000, n'kupoperamo chinthu chokhala ndi kaboni, monga ethanol kapena methane, pamodzi ndi ferrocene (mankhwala okhala ndi chitsulo), thiophene (mankhwala okhala ndi sulufule) ndi mpweya wa hydrogen. Ferrocene ikapsa imasiya tinjere ta chitsulo tosaoneka ndi maso tikuuluka m'mpweyamo. Kaboni amatera pa tinjereto n'kumera ngati kachubu, ndipo sulufule wa mu thiophene amathandiza kumerako. Timachubuto timakolanakolana n'kukhala utsi wakuda wogwirana, woti munthu akhoza kuukoka ndi kuukulunga pa gudumu osaduka. Kunena zoona, njira imeneyi imandigometsa.

Tsono vuto nali. Kuti timachubu tituluke tatitali ndi toyera, kaboni ayenera kuchepa kwambiri m'ng'anjomo, hydrogen n'kuchuluka. Mukawonjezera kaboni pofuna zokolola zambiri, mumapeza mwaye. Tinjere ta chitsulo tambiri sitimeretsa kanthu, timangofufuma n'kukhala zinyalala mu ulusi. Mukakulitsa paipi, mpweya suyendanso mofanana ndipo kutentha kwa pakati kumasiyana ndi kwa m'mbali. Mapeto ake mwawotcha magetsi ochuluka koma ulusi watuluka wochepa.

Palinso nkhani ya kulimba. Kachubu kamodzi n'kolimba kuposa chitsulo kutalitali, koma ulusi uli ngati chingwe cha khonje: ukaukoka, tizingwe tam'kati timatererana tisanaduke. Magetsi nawo amavutika kudumpha kuchoka pa kachubu kena kupita pa kanzake. Ngakhale ulusi wabwino wa gulu la Matteo Pasquali ku Rice University, umene amaupota atasungunula timachubu mu asidi, sunafike theka la mmene kopa amadutsira magetsi pa waya wonenepa mofanana. Umapambana pa kupepuka, n'chifukwa chake makampani opanga ulusiwu ngati Nanocomp, imene inagulidwa ndi kampani ya Huntsman mu 2018, ankayang'ana kwambiri za ndege ndi masetilaiti, kumene kilogalamu iliyonse ndi ndalama.

Za Harare, ine sindikuona fakitale yotere posachedwa. Ng'anjo ya CVD imafuna magetsi osazima usana ndi usiku, ndipo tonse tikudziwa mmene magetsi amazimira madzi akatsika ku damu la Kariba. Chimene chimandipatsa chidwi ndi gasi wa pansi pa nthaka amene anapezeka ku Muzarabani, kumpoto kwa Zimbabwe, mu 2023, chifukwa methane wa mu gasi wotere ukamuswa m'ng'anjo yotere amapereka kaboni wolimba ndi hydrogen, osati mpweya wa carbon dioxide woipitsa mlengalenga. Ngati muli ndi mwana amene akuphunzira uinjiniya ku Harare Institute of Technology, mulimbikitseni awerenge za zimenezi. Koma pa ntchito yanu ya lero, waya amene akupikisana ndi kopa akadali aluminiyamu, ndipo mbava sizimuthamangira kwambiri poti mtengo wake kwa ogula zitsulo zakale ndi wotsika.