Boti lakale ndi ulendo wa Great Loop: ndalama ziyambe kupita kuti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mbale wathu wina wa ku South Bend, ku Indiana. Iwo ndi mayi akunyumba agula boti lakale la mtundu wa trawler (boti la injini loyenda pang'onopang'ono, lokhala ndi pogona), lotalika mapazi 38, lopangidwa ku Taiwan m'zaka za m'ma 1980, la injini imodzi ya dizilo ya Ford Lehman. Chaka chamawa akufuna kutseka nyumba, kusamukira m'botimo ndi kuzungulira Great Loop. Ndalama zokonzera botilo n'zoperewera, ndiye akufunsa kuti ayambe ndi chiyani. Mtima wawo uli pa mabatire a lithium, masola ndi makina atsopano osonyeza njira.

Bambo, zikomo polemba. Zinthu zitatu mwatchulazo zibadikira kaye, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Kwa ena amene simunamvepo, Great Loop ndi njira ya pamadzi yozungulira chigawo cha kum'mawa kwa America ndi mbali ina ya Canada, mamailosi pafupifupi 6,000. Ambiri amaiyenda chaka chathunthu motsata nyengo: chilimwe chawo ali ku Canada ndi ku Great Lakes, nyanja zikuluzikulu za kumalire a America ndi Canada, masamba akamayoyoka akutsika ndi mitsinje ya pakati pa dziko, nyengo yozizira ali ku Florida, kenako n'kukwera gombe la Atlantic. Inu Bambo mukuyambira pa Lake Michigan, kutanthauza kuti cha mu September mukhala mukulowa ku Chicago. Anzanu oyambira ku Florida amakhala ndi miyezi ingapo yolizolowera boti asanafike pa mitsinje. Inu mitsinjeyo ikulandirani sabata yoyamba yomwe.

Choyamba sichilira ndalama, chingofuna tepi yoyezera. Mukangotuluka mu Chicago, pa Chicago Sanitary and Ship Canal, pali mlatho wa sitima yapamtunda umene sutseguka, ndipo pansi pake pali mpata wa mapazi 19 ndi theka, pafupifupi mamita 6. Njira ina yolambalala kulibe. Yezani nokha kuchokera pamadzi kufika pansonga ya chinthu chachitali kwambiri pabotipo, matanki ali osadzaza, poti boti lopepuka limakwera. Za m'kabuku ka botilo musazikhulupirire, eni ake akale anawonjezapo zawozawo. Mukafuna kudutsa pakati pa mzinda wa Chicago, malire ndi mapazi 17, ndipo kumadzulo kwa ngalande ya Erie Canal, ku New York, ndi mapazi 15 ndi theka. Ma trawler ambiri ali ndi mlongoti wopindika. Upindeni lero muli padoko, muone ngati anthu awiri angaukwanitse, chifukwa mabawuti amene sanamasulidwepo zaka 20 samvera munthu wapachangu.

Tsopano dizilo, pamene ndikufuna tikhalitsepo. Kuchokera cha ku St. Louis pa Mississippi kukafika ku Paducah, ku Kentucky, pali mamailosi oposa 200 opanda pothira mafuta, ndipo pafupifupi 50 omaliza mumakwera mtsinje wa Ohio molimbana ndi madzi. Kuchuluka kwa mafuta pa boti ngati lanu sikundidetsa nkhawa. Lehman ikamayenda mwaulemu, pa liwiro la ma knot 7 (pafupifupi makilomita 13 pa ola), imamwa magaloni awiri okha kapena kuposerapo pang'ono pa ola. Chondidetsa nkhawa ndi chimene chagona pansi pa thanki. Boti likakhalitsa padoko, m'thanki mumalowa chinyezi, madziwo amakhazikika pansi, ndipo pamalire a madzi ndi dizilo pamaswana tizilombo timene timasiya zinthu zakuda zonanda ngati phala la dzulo. Pamadzi abata zimangogona, injini n'kumalira bwinobwino, mwini wake n'kumati zonse zili m'malo. Tsiku limene mafunde adzalivundula botilo, zonsezo zimadzuka n'kukatseka sefa, injini zii! Inu muli ndi injini imodzi. Ikazima pa Mississippi, madzi sakudikirani: pali zipika zoyandama, pali makoma amiyala obisika pansi pamadzi, pali zombo zokankha ma barge ambirimbiri, mabwato akuluakulu a katundu opanda injini, zimene sizingaime msanga ngakhale woyendetsa atafunitsitsa. Mudzakumbukiranso za thankiyi pa Gulf of Mexico, kuchokera ku Carrabelle kupita ku Tarpon Springs ku Florida, mamailosi pafupifupi 170 amene boti loyenda pang'onopang'ono limachezera usiku wonse.

Ndiye ndalama yoyamba ipite apa. Itanani mmisiri atsegule matanki, awatsuke mkati, asefe dizilo yense. Ngati alibe zitseko zoonera mkati, aboole aziike. Ndipo muyang'anitsitse pamwamba pa matankiwo ndi tochi ndi kagalasi. Maboti a ku Taiwan a zaka zimenezo ambiri ali ndi matanki achitsulo, ndipo pamwamba pa boti anayalapo matabwa a teak omangidwa ndi masikuluwu osawerengeka. Madzi amvula amalowera m'mabowomo, kudonthera pa thanki, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete. Kusintha thanki yotere ndi ntchito yowawa, nthawi zina mpaka kutulutsa injini kapena kuidula thankiyo zidutswazidutswa. Ngati matanki anu ali choncho, nkhani ya lithium yathera pomwepo chaka chino.

Ikaninso masefa awiri a dizilo ogundizana, monga a Racor, okhala ndi kampopi kosinthira, kuti imodzi ikatsekeka mungotembenuza n'kupitiriza ulendo injini ili chilirire. Geji yoonetsa kuti sefa yayamba kutsekeka ndi yotchipa, musaisiye. Kenako phunzirani ndi manja anu kusintha sefa ndi kuchotsa mpweya m'mapayipi a dizilo, ndi kusintha impeller, kamphira kamene kamakoka madzi oziziritsa injini. Chitani zimenezi kangapo padoko mpaka muzitha ndi tochi kukamwa. Ngati injini yanu ndi Lehman 120 ya pampu ya dizilo ya Simms, pampuyo ili ndi oyilo wakewake wofunika kusintha pa maola 50 alionse, ndipo ambiri ogula maboti akale samauzidwa zimenezi.

Chachiwiri ndi mabowo onse a pansi pamadzi. Botilo likatulutsidwa kumtunda, yendani ndi mmisiri pa seacock iliyonse, mipopi ija yotsekera madzi olowa kuchokera kunja. Youma yosatembenuka isinthidwe. Payipi yolimba gwa kapena yong'aluka ichoke, iliyonse imangidwe ndi zomangira ziwiri, ndipo pambali pake pakhale kamtengo kosongoka kotsekera bowo zikavuta. Onaninso pamene shafuti yozunguza propela imatulukira kunja, ndi mapampu opopa madzi m'boti. Pali kanthu kena kamene eni maboti a pa Lake Michigan amaiwala: tizitsulo toteteza propela ndi shafuti kuti zisadyeke. Pamadzi opanda mchere ambiri amaika ta magnesium, koma timeneti timasungunuka msanga m'madzi amchere, ndipo inu mukafika ku Mobile, ku Alabama, mwalowa mumchere. Ta zinc nato m'madzi opanda mchere timachita khungu n'kuleka kugwira ntchito. Ikani ta aluminium, timagwira konsekonse.

Za magetsi, vuto limene lingakugwetseni ulesi lili pa chingwe cholumikiza boti ku magetsi a padoko. Madoko okonzedwa chatsopano ali ndi zotetezera zimene zimazimitsa magetsi zikangomva kuti pang'ono pokha akuthawira m'madzi, ndipo maboti akale ambiri amazigwetsa akangolumikiza. Zotetezerazi zili ndi chifukwa: magetsi othawira m'madzi opanda mchere apha anthu osambira pafupi ndi madoko. Pezani wamagetsi wodziwa za maboti ayese lanu musananyamuke, kuopa kufika madzulo mutatopa, n'kuzimitsira magetsi anzanu onse a padoko.

Lithium sindikuinyoza. Mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4 ndi opepuka, amadzaza msanga, ndipo kwa wokonda kugona pa nangula masiku angapo ndi abwino kwambiri. Koma sangolowa m'malo mwa akale basi. Amakoka moto wambiri moti alternator yakale, ija yochaja mabatire injini ikamalira, ikhoza kupsa, choncho pamafunika chowongolera chake, machaja oyenerera, mafyuzi ndi mawaya atsopano, ndipo a inshuwalansi ena amafuna umboni woti anaika ndi katswiri. Komanso taganizani: pa Great Loop injini imalira maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse loyenda, mabatire akudzaza okha. Ine ndikanakhala inu, ndikanagula mabatire wamba atsopano ndi kageji koonetsa moto wotsala, n'kuyenda miyezi itatu, kenako n'kuona ngati ndikusowadi china. Masola nawonso angaikidwe ku Florida, kumene dzuwa ndi amisiri n'zosasowa.

Pa makina osonyeza njira, akale ngati akugwira asiyeni, muwonjeze tabuleti ya mapu atsopano. Chimodzi chokha chimene ndikuti mugule popanda kuwerengera kawiri ndi AIS, makina odziwitsana pamene zombo zili, ndipo ikhale yotumiza ndi kulandira. Pa mitsinje yokhotakhota imakuonetsani chombo chimene chili kuseri kwa ngodya, dzina lake ndi liwiro lake, ndiye mumachiitana pa wailesi ya VHF ndi dzina n'kufunsa mbali yodutsira. Woyendetsa akakuyankhani kuti "one whistle" kapena "two whistle", tanthauzo lake likhale lolembedwa papepala pafupi ndi chiwongolero.

Zina ndingozitchula mothamanga. Mudzadutsa ma lock oposa 100, zipata zija zokweza ndi kutsitsa maboti, 44 mwa izo zili pa Trent-Severn Waterway ku Ontario. Pamafunika zingwe zabwino, mipira ikuluikulu yotchinjiriza m'mbali mwa boti, ndi magolovesi, chifukwa makoma ake ndi oterera ndi ndere. Nangula akhale wamkulu kuposa amene ogulitsa angakuuzeni, ndi tcheni chokwanira. Zachimbudzi sizitayidwa m'madzi pa Great Lakes ngakhale ku Ontario, ndiye thanki yake ndi mapayipi ake zikhale zosanunkha ndi zosadontha. Mukagona m'botimo mudzamvetsa chifukwa chake ndaitchula. Ikaninso kachipangizo kolira kakamva mpweya wapoizoni wosanunkha wa carbon monoxide pafupi ndi pogona.

M'kalata yanu mwalemba kuti mayi adzakhala akuthandiza zingwe. Zingwe zokha sizikwana, Bambo. Nawonso aphunzire kuyendetsa, kuimika boti padoko ndi kuitana pa wailesi, poti mukadzakhala pansi mukulimbana ndi sefa, pachiwongolero padzakhala iwo. Miyezi ya June ndi July isanathe, khalani m'botimo milungu iwiri yathunthu osabwerera kunyumba, mukwere gombe la Michigan mpaka ku Ludington kapena kupitirira, ndipo tsiku lina mutuluke dala kuli timafunde kuti matanki avunduke muli pafupi ndi doko. Zimene zidzathyoke pa milungu iwiriyo muzilembe, ndipo ndalama zotsala zipite kumeneko. Mukayeza mlongoti ndi kutsegula matanki, ndilembereninso mundiuze zimene mwapeza.