Ka SSD ka 32GB kangokhala, nayo fulashi ikukana ReadyBoost: vuto lili pati?

Kalata iyi yachokera kwa aphunzitsi ena a kusekondale ku Ntcheu. Ndaidula pang'ono:

"Ndinagula laputopu ya kaunjika, Core i5 ya m'ma 2012, RAM 4GB, hard drive 500GB. Poyamba inkayaka msanga. Mnyamata wina wokonza makompyuta atandiikira Windows 10 yatsopano, yayamba kuchedwa kwambiri. Mu Disk Management ndikuona disiki ina ya 29.8GB yopanda kanthu. Mnzanga anati ndiike fulashi pa ReadyBoost kuti RAM ichuluke, koma Windows ikuti fulashiyo singagwire ntchito imeneyo. Kodi ndigule fulashi ina yaikulu?"

Musagule, aphunzitsi. Mnzanuyo amakufunirani zabwino, koma fulashi, ikhale ya 8GB kapena 128GB, sichulukitsa RAM, malo amene kompyuta imagwiriramo ntchito ikakhala yoyaka. Komanso chimene mukufuna kukagulacho chili kale m'kati mwa laputopu yanu, chothamanga kuposa fulashi iliyonse ya pamsika. Ndi disiki ya 29.8GB ija.

M'zaka za 2012 ndi 2013 ma SSD (madisiki othamanga, osazungulira ngati hard drive) aakulu anali odula zedi. Makampani monga Dell, HP, Lenovo, Asus ndi Samsung anapeza njira yapakati: ankaika hard drive wamba wa 500GB, n'kuphatikizapo ka SSD kakang'ono ka 16GB, 24GB kapena 32GB pa malo otchedwa mSATA. Kanu ndi ka 32GB, kungoti Windows imawerenga mwanjira yake, n'chifukwa chake mukuona 29.8. Sikanaikidwemo kuti muzisungamo mayeso a Fomu 4. Ntchito yake ndi cache, kusunga pafupi mafayilo amene amafunika pafupipafupi, ngati mmene mwini golosale amaikira shuga, sopo ndi machesi pa kauntala kuti asamangopita kustoo kasitomala aliyense akabwera. Hard drive ya m'laputopu imazungulira ka 5400 pa mphindi, ndipo kamutu kowerenga kamayenera kusuntha kukafuna fayilo iliyonse pamene ili. Windows ikamayaka imawerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndiye kamutuko kamangokhalira kuyendayenda. SSD ilibe chosuntha, imangopereka.

Koma ka SSD kameneka sikadziwa kokha zoti kasunge. Pamafunika pulogalamu yoyang'anira, ndipo pulogalamuyo inapita limodzi ndi Windows yakale tsiku limene mnyamata uja anafomata. Ichi ndiye chifukwa laputopu yanu inasintha mwadzidzidzi.

Mapulogalamu ake alipo awiri, ndipo muyenera kudziwa kaye kuti yanu inabwera ndi iti. Ina ndi Intel Smart Response Technology, imene inatuluka mu 2011. Ina ndi ExpressCache, ya kampani ya Condusiv. Tembenuzani laputopu, lembani nambala ya model, mukaone mndandanda wa ma driver ake (mapulogalamu oyendetsa zida za m'kati mwake) pa tsamba la kampani imene inaipanga. Dzina limodzi mwa awiriwa lipezekapo. BIOS, sikirini ya masetingi imene mumalowamo laputopu ikangoyamba kuyaka, nayo ingakuuzeni: pamene palembedwa SATA Mode kapena SATA Operation, posankhira njira imene laputopu imalumikizirana ndi madisiki, ngati kupatula AHCI pali RAID kapena Intel Smart Response, ndiye kuti yanu ndi ya Intel.

Ndiyambe ndi ya Intel, chifukwa ndi imene ili ndi misampha yambiri.

Smart Response imagwira ntchito pokhapokha BIOS ili pa RAID. Okonza makompyuta ambiri akaona kuti poika Windows disiki sikuoneka, amangosintha BIOS kupita ku AHCI, ntchito n'kutha, cache n'kufera pomwepo. Ndikuganiza kuti ndi zimene zinachitika kwa inu. Tsono musathamangire kubwezera ku RAID n'kuyatsa, chifukwa Windows yoikidwa pa AHCI idzakupatsani sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Mafayilo amakhala alipobe, mukabwezera ku AHCI imayaka, koma mtima umakhala utathamanga kale. Njira imene imathandiza kawirikawiri ndi iyi: koperani kaye zofunika zonse ku disiki ina, tsegulani pulogalamu ya Windows yotchedwa msconfig, pa Boot chongani Safe boot, zimitsani ndi kuyatsanso, lowani mu BIOS musinthe kukhala RAID. Windows iyaka mu Safe Mode, ndi zofunikira zokhazokha, n'kuzolowera driver woyenera. Kenako chotsani chonga chija ndi kuyatsanso bwinobwino.

Mukatero ikani pulogalamu ya Intel Rapid Storage Technology, ndipo itengeni pa tsamba la kampani ya laputopu yanu, osati yatsopano imene mungapeze pa Google. Zatsopanozo zinasiya kuthandiza malaputopu akale ngati yanu. Ikatseguka mufunefune mawu akuti Accelerate. Akapanda kuoneka, kawirikawiri n'chifukwa choti ka SSD kali ndi partition (chigawo chokonzedwa kusungamo mafayilo), pamene kamayenera kukhala kopanda kanthu, kolembedwa Unallocated. Ena amapezanso kuti kuchepetsa partition yomaliza ya hard drive ndi ma MB ochepa, pogwiritsa ntchito Shrink Volume mu Disk Management, kumathetsa vutoli, popeza Intel imafuna kamalo kumapeto kwa disiki kolembapo zake. Ngati ka SSD kakukumbukirabe cache yakale, dinani Reset to available, kapena muchotse zakalezo pa sikirini ya Intel imene imabwera mukadina Ctrl ndi I laputopu ikamayaka. Pa sikirini imeneyo onetsetsani kawiri kuti mwasankha ka 32GB, osati ya 500GB.

Apa pali funso limene ambiri amayankha osawerenga. Pulogalamuyi ikufunsani kuti musankhe Enhanced kapena Maximized. Dzina lachiwirilo limakopa, ndikudziwa. Pa Enhanced, chilichonse chimene mwasunga chimalembedwa pa SSD ndi pa hard drive nthawi imodzi, kotero ka SSD kakafa simutaya kanthu, laputopu imangobwerera ku ulesi wake. Pa Maximized, zimalembedwa kaye pa SSD, n'kudzasamutsidwa kupita ku hard drive nthawi ina. Zimathamangadi polemba, koma pali nthawi imene ntchito yanu yaposachedwa imakhala pa ka SSD kokha, ndipo hard drive imakhala yosakwanira payokha. Ka SSD ka zaka zoposa khumi kakafa nthawi imeneyo, kapena wina akazula disiki imodzi osazimitsa kaye cache, mukhoza kutaya mafayilo, mwinanso Windows yonse osayakanso. Ganiziraninso kuti malaputopu a kaunjika ambiri batire yake inatha kalekale, magetsi akangothima nayo yathima, pakati pa kulemba. Ine pa makina otere sindilola Maximized ngakhale mwini wake atachonderera. Kuyaka msanga ndi kutseguka msanga kwa Word, zimene inu mukuzisowa, Enhanced imapereka mokwanira.

Ngati yanu ndi ya ExpressCache, nkhani ndi yaifupi. Siifuna RAID, choncho BIOS musaikhudze. Siyani ka SSD kopanda partition, ikani pulogalamuyo kuchokera ku kampani ya laputopu yanu, iyo idzipangira yokha malo ake. Ilibe mabatani oti muzidina. Kuti muone ngati ikugwira, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani eccmd -info, ndipo ikuonetsani ngati cache yalumikizidwa ndi kuchuluka kwa zimene yasunga. Onetsetsani kuti mwatenga imene inalembedwa kuti ndi ya Windows 10, chifukwa zina zakale zinapangidwira Windows 7 ndi 8 basi.

Kaya ndi iti mwa ziwirizi, musaweruze tsiku loyamba. Cache imaphunzira. Kuyatsa koyamba kumachedwa monga kale, kenako mukayatsa kangapo ndi kutsegula mapulogalamu anu a masiku onse, kusintha kumayamba kuoneka.

Tsopano za fulashi ija. ReadyBoost inabwera ndi Windows Vista mu 2007, nthawi imene makompyuta ambiri anali ndi RAM ya 512MB kapena 1GB. Imapanga fayilo yotchedwa ReadyBoost.sfcache pa fulashi n'kumasungamo makope a timafayilo timene mumatsegula pafupipafupi. Isanavomere fulashi imaiyesa kaye: iyenera kuwerenga tizidutswa ta 4KB tomwazikana pa liwiro la 2.5MB pa sekondi, ndi kulemba pa 1.75MB pa sekondi. Manambala ndi aang'ono, koma mafulashi otchipa amalepherabe. Ena mwa iwo ndi abodza n'komwe, olembedwa 64GB kunja pamene m'kati muli zochepa. Pulogalamu yaulere ya H2testw imawagwira amenewo. Chifukwa china chokanira ndi service (kapulogalamu ka Windows kogwira ntchito kumbuyo) yotchedwa SysMain, imene kale inkatchedwa Superfetch. Okonza makompyuta amakonda kuizimitsa akaona disiki ili pa 100%, ndipo ikazima ReadyBoost nayo imazima. Mungaiyatsenso mu services.msc. Werengani bwino uthenga umene Windows ikupereka, umatchula chifukwa chake. Ikavomera koma n'kumangolola 4GB, ndiye kuti fulashi ili pa FAT32, mtundu umene sulola fayilo imodzi kupitirira pamenepo. Kufomata kukhala exFAT kapena NTFS kumachotsa malirewo.

Ndafotokoza zonsezi kuti mudziwe, koma sindikukulangizani kulimbana nazo. Pa RAM ya 4GB phindu lake ndi lochepa moti mwina simungalione, ndipo fulashi yotuluka m'mbali mwa laputopu yonyamulidwa m'chikwama tsiku ndi tsiku imathera kuthyola malo a USB. Microsoft yomwe inaichotsa ReadyBoost mu Windows 11 kuyambira pa 22H2.

Musanayambe chilichonse mwa izi, yezani thanzi la hard drive ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Ikalemba Good, pitirizani. Ikalemba Caution, ndi mtundu wachikasu, siyani za cache, samutsani mafayilo anu lero lomwe. Cache imabisa kuchedwa kwa disiki yodwala kwa kanthawi, koma siichiza.

Ndalama ikapezeka, chimene chingasinthedi laputopu imeneyi ndi SSD ya SATA ya mainchi 2.5, ya 240GB kapena 256GB, kulowa m'malo mwa hard drive. Pamenepo cache sikufunikanso, ndipo Windows imakana yokha ReadyBoost ikaona kuti disiki yaikulu ndi SSD. Chachiwiri ndi RAM kufika 8GB, ngati laputopu ili ndi malo ake, chifukwa Chrome ya masiku ano imamaliza 4GB ndi matabu ochepa chabe. Hard drive yakale muiike mu kesi ya USB, ikhale yosungira zithunzi ndi manotsi. Ka 32GB kaja musayese kuikamo Windows 10, kadzadza pa update yoyamba yaikulu.

Tsiku losintha disikilo, ngati munayatsa Smart Response, tsegulani kaye pulogalamu ya Intel mudine Disable acceleration, mudikire imalize, ndiye muzimitse ndi kumasula masikuluwu. Muuzeni mnyamata wokonzayo zimenezi asanagwire sikuludiraiva. Chimodzimodzinso amene muli ndi malaputopu a Intel Optane, timadisiki ta cache ta 16GB kapena 32GB timene tinayamba kutuluka mu 2017: zimitsani Optane mu pulogalamu yake musanachotse kapena kukopera disiki, chifukwa madisiki awiriwo amakhala atalumikizidwa ngati imodzi.