Pasipoti itsale m'sitima kapena mupite nayo kumtunda?

Mayi wina wokhala ku Leeds wandilembera kuti iye ndi amuna ake, onse a pasipoti ya Malawi, alipira ulendo wa pa sitima ya pamadzi wochokera ku Southampton kupita kumpoto kwa Norway mpaka ku zilumba za Svalbard m'mwezi wa July. Akufunsa ngati ayenera kutenga pasipoti nthawi iliyonse akamatsika padoko, komanso ngati adzaonadi anamgumi ndi zimbalangondo zoyera zimene zili pa zithunzi zotsatsira ulendowo. Mayi, kalata yanu ndakhala nayo masabata awiri osayankha, chifukwa funso loyambalo landikumbutsa tsiku limene mpaka lero ine ndi akazi anga sitigwirizana kuti wolakwa anali ndani.

Ulendo womwewo ifenso tinayenda mu July 2023. Usiku woyamba, mkulu wina wa m'sitima anasonkhanitsa anthu m'holo n'kulangiza kuti aliyense atsekere pasipoti m'kabokosi kachitsulo ka m'chipinda mwake, ndipo potsika azingotenga khadi la sitima ndi chiphaso china chokhala ndi chithunzi, monga laisensi yoyendetsera galimoto. Khadi la sitimalo ndi limene limatsegula chipinda, limagula zinthu m'sitima, ndiponso ndi limene alonda amalidutsitsa pa makina mukamatuluka ndi pobwerera kuti adziwe amene watsala kunja. Malangizowo anamveka anzeru, ndipo ku Bergen ndi ku Tromsø tinawatsatira popanda vuto lililonse. Palibe wapolisi kapena wa m'sitolo amene anatifunsa chiphaso.

Zinthu zinatembenuka ku Honningsvåg, katauni ka asodzi ka pa chilumba cha Magerøya, kumene anthu amatsikira akafuna kukaona North Cape, thanthwe lotchuka la kumpoto kwenikweni kwa Norway. Basi ya kampani ya sitima inali yodula kwambiri, choncho tinagwirizana ndi banja lina la Angelezi kuti tichite hayala kagalimoto kathu. Mtunda wake ndi makilomita oposa 30 pang'ono pa msewu wa E69, ndipo tinawerengera kuti tibwerako kutatsala maola awiri kuti sitima inyamuke. Pobwerera kunagwa chifunga choti munthu sungaone ngakhale galimoto ya kutsogolo, kenako tinapeza mzere wa magalimoto utaima, chifukwa galimoto ina ya alendo inaterereka pothawa gulu la ma reindeer (nyama zonga agwape) n'kupingasa msewu. Msewu wake ndi umodzi wokha, ndipo tinakhala pamenepo ola limodzi ndi theka.

M'galimoto muja ndinayamba kuwerengera zimene zikanachitika tikanasiyidwa. Sitima imadikira basi yake ikachedwa, koma munthu amene wadziyendera payekha siimudikira. Doko lotsatira linali Longyearbyen, tauni ya ku Svalbard, ndipo kuti munthu aitsatire kumeneko ayenera kukwera ndege kuchokera ku Tromsø kapena ku Oslo. Svalbard ndi gawo la Norway, inde, koma sili m'dera la Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya, kuphatikizapo Norway, amene munthu amayendamo ndi visa imodzi, kotero kuti pokwera ndegeyo pamakhala chipata choonetsa pasipoti. Yanga inali m'kabokosi kachitsulo, pamodzi ndi ya akazi anga, visa ya Schengen ili momwemo, ndiponso khadi lathu lokhalira ku Britain lili pompo. M'thumba ndinali ndi khadi la sitima, laisensi ndi khadi la ku banki basi. Bambo wa Chingelezi uja ankaseka, akumanena kuti zikavuta aimbira ofesi ya kazembe wa dziko lawo ku Oslo kuti iwapatse chikalata chobwererera kwawo. Ine ndinalibe woti ndimuimbire, pakuti Malawi alibe ofesi ya kazembe ku Norway, ndipo zapafupi zili ku London, ku Berlin ndi ku Brussels.

Tinafika padoko kutatsala mphindi 10 kuti achotse mlatho wokwerera. Akazi anga amanena mpaka lero kuti nkhaniyi ikungosonyeza kuti sitinafunike kuchita hayala galimoto yathu, ndipo kuti pasipoti ilibe nawo mbali. Amawonjezera kuti kutaya pasipoti pamsika kapena kuigwetsera m'madzi pokwera kaboti n'koopsa kuposa kusiyidwa ndi sitima, ndipo amakumbutsa za chiyambi cha 2024, pamene ntchito yosindikiza mapasipoti ku Malawi inaima kwa masabata angapo makompyuta ake atasokonezedwa. Amanenanso, ndipo apa akunena zoona, kuti m'sitima zambiri munthu akachedwa, ogwira ntchito amatsegula kabokosi ka m'chipinda chake n'kusiya pasipoti kwa wothandizira sitima wa padokopo.

Kwa nthawi yaitali ndinkavomera kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma polemba pano ndaona kuti sindikuvomeranso. Malangizo akuti pasipoti itsale m'chipinda anakonzedwera anthu amene pasipoti yawo imawatsegulira chipata chilichonse ku Ulaya popanda visa, ndipo mkulu uja wa m'holo sankaganizira munthu ngati ine kapena inu polankhula. Kwa ife, kabuku kameneka ndi kamene kanyamula umboni wonse woti tili m'dzikomo mololedwa. Wapolisi wa ku Finnmark, chigawo chimene muli Honningsvåg, akafuna kudziwa kuti munalowa liti ndiponso mwachilolezo chanji, laisensi ya ku Britain singamuyankhe. Zoti ogwira ntchito adzakusiyirani pasipoti padoko ndi mwambo chabe umene sitima iliyonse imautsatira mwa njira yake, ndipo ine sindingaike ulendo wanga wobwerera kwa ana m'manja mwa mnyamata amene wapatsidwa mphindi 5 zofufuza m'chipinda changa. Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Pasipoti imene ili m'sitima yoti yayamba kale kuchoka padoko ndi fodya wa pachala.

Nkhani ya Svalbard ili ndi msampha wina umene unatsala pang'ono kutikola tisanachoke n'komwe ku Britain. Polemba fomu ya visa ndinasankha yolowera kamodzi, poganiza kuti tikupita dziko limodzi. Akazi anga ndi amene anazindikira kuti sitima ikachoka ku Honningsvåg kupita ku Longyearbyen ndiye kuti tatuluka mu Schengen, ndipo ikabwerera n'kuima pa doko lina la Norway ndiye kuti tikulowanso kachiwiri. Ku Svalbard kwenikweniko safuna visa kwa munthu wa dziko lililonse, koma njira yopitira ndi yobwererera imadutsa mu Schengen, choncho visa iyenera kukhala yolowera kawiri kapena kangapo. Kuyambira June 2024 mtengo wake ndi 90 euro kwa munthu wamkulu, ndipo amafuna inshulansi ya zaumoyo yosachepera 30,000 euro komanso pasipoti yotsala ndi miyezi 3 kapena kuposerapo kuchokera tsiku lotuluka. Inuyo muli ndi chinanso chimene ife tinalibe: makhadi okhalira ku Britain aja anatha ntchito kumapeto kwa 2024, ndipo chilolezo chanu tsopano chili pa intaneti, cholumikizidwa ndi nambala ya pasipoti. Onetsetsani kuti pasipoti imene mukuyendera ndi yomweyo imene ili mu akaunti yanu ya chilolezocho, ndipo tengani share code, nambala imene ena angaonere chilolezo chanu pa intaneti, musananyamuke, pakuti imagwira ntchito masiku 90 ndipo intaneti ya m'sitima ndi yodula ndiponso imadukaduka.

Tsopano za nyama

Chimbalangondo choyera chichotseni m'maganizo, kuti mukachiona chidzakhale mwayi. Zimbalangondozi zimakonda madzi oundana a panyanja kumene zimasaka nyama za m'madzi zotchedwa ma seal, ndipo mu July madzi oundanawo amakhala atathawira kutali kumpoto ndi kum'mawa, pamene sitima zikuluzikulu zimangolowa mu Isfjorden, ndomo ya nyanja imene kuli Longyearbyen, cha kumadzulo n'kutulukamo. Kuyambira pa 1 January 2025, sitima yonyamula anthu oposa 200 siiloledwa m'malo otetezedwa a Svalbard, ndipo lamulo likuti munthu atalikirane ndi chimbalangondo mamita 300, kapena 500 kuyambira pa 1 March mpaka pa 30 June. Nyamayi ndi yotetezedwa kuyambira 1973 ndipo kuilondola n'koletsedwa. Ife tinaona chikwangwani chotchuka chija cha m'mphepete mwa tauni ya Longyearbyen, chochenjeza kuti ngoziyo ili pa Svalbard yense, ndipo tinaona chimbalangondo choumitsa m'nyumba yosungira zakale. Chikwangwanicho musachipitirire panokha, chifukwa kunja kwa tauni munthu ayenera kukhala ndi wotsogolera wonyamula mfuti ndi zoopsezera.

Zimene tinaonadi zinali zambiri, ndipo zambiri mwa izo tinaziona chifukwa choti tinasiya kugona nthawi yake. Ku Longyearbyen dzuwa sililowa kuyambira chakumapeto kwa April mpaka chakumapeto kwa August, ndipo ku North Cape sililowa kuyambira pakati pa May mpaka kumapeto kwa July. Cha m'ma 4 koloko m'mawa, anthu onse ali m'tulo, kunja kumakhala kowala ngati masana ndipo pabwalo la pamwamba pa sitima pamangokhala anthu atatu kapena anayi ovala majekete ochindikala. Anamgumi athu oyamba tinawaona nthawi imeneyo, pafupi ndi chilumba cha Bjørnøya, chimene chili pakatikati pa Norway ndi Svalbard. Mayi wina wachikulire amene tinaima naye anatiphunzitsa kuti tisamafune thupi la namgumi, koma tiziyang'ana mpweya wake umene umatumphuka ngati utsi woyera n'kuzimirira pa kamphindi, komanso malo amene mbalame zambiri zikuzungulira n'kumagwera m'madzi, chifukwa pamenepo pali nsomba. Anatiuzanso kuti tiziyendetsa maso athu enieni pang'onopang'ono pa nyanja yonse, ndipo ma binoculars tiziwakweza pokhapokha taona kanthu. Namgumi wa mtundu wa humpback amakweza mchira akamamira, pamene minke amangoonetsa msana kamodzi n'kusowa, moti amene wapita kukatenga tiyi amangomva nkhani.

Ngati mtima wanu uli pa ma orca, anamgumi akuda ndi oyera aja, dziwani kuti magulu awo aakulu amabwera cha ku Skjervøy pakati pa November ndi January potsatira nsomba za herring, ndipo zithunzi zambiri zotsatsira malonda zimajambulidwa nyengo imeneyo. Mu July mukhoza kuwaona, koma si nthawi yawo. Malo odalirika a anamgumi m'chilimwe ndi Andenes, katauni ka kumpoto kwa Norway, kumene nyanja imazama mwadzidzidzi pafupi ndi gombe ndipo ma sperm whale amapezeka chaka chonse, kungoti sitima zikuluzikulu zambiri siziimako.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri sichinali namgumi. Tikudutsa pakati pa zilumba za Lofoten, ndinaona mbalame yaikulu ikutsika pathanthwe n'kukokolola nsomba pamwamba pa madzi ndi zikhadabo, ndendende mmene nkhwazi imachitira munthu ukamaionera pa Ilala. Imeneyi ndi white-tailed eagle, wachibale wa nkhwazi yathu, koma wamkulu kwambiri, pakuti mapiko ake otambasula amatha kufika mamita 2.4, ndipo alibe mutu woyera uja ngakhalenso kulira kokoma kuja. Ma puffin, timbalame takuda ndi toyera ta milomo yofiira, amapezeka miyandamiyanda pa zilumba za Gjesværstappan, kumene amakafikako pa boti lochokera m'mudzi wa Gjesvær pa Magerøya pomwepo, ndipo amachoka mu August. Ndikanadziwa, tsiku la Honningsvåg lija ndikanapita kumeneko m'malo mwa North Cape, kumene tinangoona chifunga ndi chitsulo chozungulira chojambulirapo zithunzi. Ma reindeer a pachilumbapo si a m'tchire ayi, ndi ziweto za anthu a mtundu wa Sami zimene zimabwera kudzadya msipu wa m'chilimwe. A ku Svalbard ndiwo a m'tchire, aafupi miyendo ndi onenepa, ndipo amadya udzu pakati pa nyumba za anthu mopanda mantha. Kumeneko samalani ndi mbalame ya Arctic tern, imene imaikira mazira pansi m'mbali mwa msewu ndipo imajompha pamutu aliyense wodutsa pafupi. Kwezani dzanja kapena ndodo pamwamba pa mutu popanda kuimenya, n'kuchokapo mwachangu.

Yankho la funso lanu loyamba, mayi, ndi lakuti tengani pasipoti pa doko lililonse, pokhapokha ngati sitima yasonkhanitsa mapasipoti onse kuti akaonedwe ndi a zolowa ndi kutuluka. Iikeni m'kapepala ka pulasitiki kotseka bwino, m'thumba la m'kati mwa jekete kapena m'kachikwama kovala pakhosi pansi pa juzi, osati m'chikwama chimene mungachisiye pampando wa basi. Fotokope yake pamodzi ndi ya visa ndi imene itsale m'kabokosi kachitsulo, ndipo zithunzi zake zikhale mu foni ya aliyense wa inu awiri. Jambulani tsamba la pulogalamu ya tsikulo pamene palembedwa nambala ya wothandizira sitima wa padoko ndi nthawi yomaliza yokwerera, ndipo funsani ngati sitima ikuyendera nthawi ya Norway, imene ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya Britain. Ma binoculars a 8x42 ndi okwanira, ndipo mugule awiri, chifukwa ife tinali ndi amodzi ndipo humpback atakweza mchira anali m'manja mwa akazi anga.