Ndili ndi shuga, kodi ndingabwerere ku nsima?

Mayi wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata, wandilembera pa imelo. Atawapeza ndi matenda a shuga anasiyiratu nsima, mpunga, buledi ndi mbatata, n'kumangodya mazira, nyama ndi masamba. Shuga anatsikadi. Koma tsopano atopa nazo. Ndalama ya nyama tsiku ndi tsiku palibe, ndipo pamaliro akakana nsima anthu amaona ngati akunyoza anamfedwa. Funso lawo ndi loti: "Ndikayambanso nsima, kodi sindidzipha ndekha?"

Amayi, mtima ukhale m'malo, simudzipha. Kusala zakudya zokhutitsa kumatsitsadi shuga, koma si njira yokhayo. Matendawa mukhala nawo zaka zambiri, choncho kadyedwe kokuthandizani ndi kamene thumba lanu ndi banja lanu zingakwanitse chaka ndi chaka. Chimene ndikukuletsani ndi kubwerera ku mbale yakale ija ya mitanda itatu ndi tindiwo tochepa pambali.

Musanavundule nsima, yambani mwapita kukiliniki ndi kabuku kanu, mukawauze zonse. Ngati anakuchepetserani mankhwala pamene shuga anatsika, mlingo umenewo ukhoza kuperewera nsima ikabwerera. Mapiritsi a metformin paokha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri, koma a glibenclamide ndi jakisoni wa insulin zimatero mukadumphitsa chakudya. Mukamva kunjenjemera, thukuta ndi chizungulire, kapena makina oyezera shuga akaonetsa pansi pa 4, sungunulani masipuni ang'onoang'ono atatu a shuga m'madzi, mumwe pompo. Mlingo wa mankhwala musasinthe nokha, chonde.

Tsopano nsimayo. Anthu ambiri amati mgaiwa kapena ufa wa roller ulibe vuto, woipa ndi ufa woyera ndi wa breakfast basi. Zoona, mgaiwa uli ndi gaga amene amachedwetsako shuga kulowa m'magazi, ndipo ndi umene ndikukulimbikitsani. Komabe ndi chimanga chomwecho, mukadya wambiri shuga akwera ndithu. Nkhani yagona pa kukula kwa mtanda. Yambani ndi umodzi wolingana ndi chibakera chanu, kamodzi patsiku, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Theka la mbale likhale masamba: chiwawa, bonongwe, chisoso, therere, kapena mfutso m'chilimwe. Mbali yotsalayo ikani nyemba, khobwe, nzama, kapenta kapena dzira. Ife a kuno kum'mawa tili ndi mwayi wa nshawa za Chalimbana. Ndiwo zotendera zimakhutitsa nthawi yaitali, ndipo mtengo wake sufika pa wa nyama. Yambani kudya ndiwo, nsima itsatire, ndipo mukatha yendaniko mphindi 10 kapena 15 m'malo mogona pamphasa.

Ngati muli ndi makina oyezera, yezani musanadye, muyezenso patatha maola awiri. Kwa akuluakulu ambiri, musanadye shuga azikhala pakati pa 4 ndi 7, ndipo patatha maola awiriwo asafike pa 10. Akapitirira masiku angapo motsatizana, chepetsani mtanda ndipo akuchipatala adziwe. Ndikudziwa kuti timapepala toyezera n'todula, ndiye sungirani masiku amene mukuyesa chakudya chatsopano. Pakatha miyezi itatu pemphani kuyezedwa HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wayendera miyezi yonseyo.

Sikelo ikakwera ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri m'masiku oyamba, musadandaule. Ambiri mwa amenewo ndi madzi amene thupi limasunga pamodzi ndi chakudya chokhutitsa.

Zimene sindikufuna zibwerere ndi zakumwa: zoziziritsa kukhosi za m'mabotolo, maheu otsekemera, thobwa ndi tiyi wothira shuga. Zimenezi zimalowa m'magazi msanga kuposa nsima. Mango akapsa mu Disembala, idyani limodzi laling'ono, osakhala pansi ndi beseni lonse. Pamaliro landirani mbale yanu ngati wina aliyense, nyemani theka la mtanda, mupemphe akuonjezereni masamba.