Mnzanu wabweranso, koma si mwana uja munasiyana naye

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kupitiriza kucheza ndi mnzanu wa paubwana, amene munasiyana naye muli ndi zaka 10 ndipo mwapezananso pa Facebook nonse muli ndi zaka 18, koma iye tsopano ndi wa mowa ndi madansi a usiku, ndipo akulimbikira kuti muzipita naye. Ndikuyankhani monga munthu amene ndinadutsamo, kungoti m'nkhani yanga wolowererayo ndinali ine.

Ndili ndi zaka 19, ndinakumananso ndi mtsikana amene tinkakhala desiki imodzi tili aang'ono. Masiku awiri oyamba tinaseka mpaka kutuluka misozi, tikukumbutsana mayina a aphunzitsi ndi zilango zomwe tinkalandira limodzi. Pofika tsiku lachitatu nkhani zakale zinatha, ndipo chomwe ndinatsala nacho choti ndigawane naye chinali moyo umene ndinali nawo pa nthawiyo. Ndinamuitana kuti tikachezere usiku, iye n'kuvomera, ngakhale kuti mowa sankaufuna n'komwe. Patapita zaka anandiuza kuti ankaona ngati kundikana kukanakhala kukana kamtsikana kaja kamene kankamubwereka pensulo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Chikhulupiriro chomwe muli nacho pa mnzanuyo anachipeza ndi mwana wa zaka 10, ndipo munthu wa zaka 18 amene waima pamaso panu lero sanachigwirirepo ntchito. Zaka 8 zimene munatalikiranazo simukuzidziwa: amene anamulera, zomwe zinamupweteka, ngakhale anthu amene akuyenda nawo panopa. Mlendo akanakuitanani kumalo otero mukanayamba mwafunsa mafunso, koma poti nkhope ndi yodziwika, mtima ukufuna kulumpha mafunsowo.

Musadziyesenso wolimba kuposa msinkhu wanu. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, imapitirira kukhwima mpaka munthu atayandikira zaka 25. M'chaka cha 2005, akatswiri a za maganizo a anthu Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anapatsa anthu a misinkhu yosiyana masewera a pa kompyuta oyendetsa galimoto, ena ali okha, ena anzawo ali pomwepo. Achinyamata ankadziika pangozi kwambiri akakhala ndi anzawo, pomwe akuluakulu sankasintha kwenikweni. Choncho munthu woganiza bwino masana ali yekha akhoza kukwera galimoto ya dalaivala woledzera pakati pa usiku, chabe chifukwa anzake akwera. Ndatchula galimoto mwadala, pakuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri anthu a zaka 5 mpaka 29.

Komabe sindikukuuzani kuti mumutaye. Mwina wakufunafunani chifukwa chosowa woperekeza, koma mwinanso watopa ndi anthu amene amamudziwa ngati chidakwa basi, ndipo akufuna wina amene akukumbukira kuti iye anali ndani zonsezi zisanayambe. Ine ndinali wa mtundu wachiwiriwu, ngakhale kuti pa nthawiyo ndikanakana kwa mtu wagalu. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma wozimayo safunika kulowetsa mutu wake m'motomo.

Njira yodziwira cholinga chake ndi yapafupi. Mukaneni kamodzi, momveka bwino ndiponso mosanyoza, kenaka mumuitane kuti mukumane masana, awiriwiri, pamalo amene mwasankha inuyo. Akabwera, ndiye kuti akufuna inu. Akakwiya, akakusekani kuti ndinu wotsalira, kapena akayamba kukukumbutsani za ubwana kuti muchite manyazi, dziwani kuti akufuna woperekeza. Ulaliki muupewe, pakuti waumva kale kwa ambiri. M'malo mwake mufunseni zomwe zinamuchitikira m'zaka zimene simunali naye, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Ngati tsiku lina mudzasankha kupita naye kokasangalala, wina wa kunyumba adziwe komwe muli, mukhale ndi ndalama yanu yobwererera, ndipo chakumwa chanu chisachoke m'manja mwanu.

Mnzanga uja anandiperekeza kawiri kokha. Ulendo wachitatu anandiuza kuti usiku sadzabweranso, koma Loweruka lililonse m'mawa azidzandiona. Ndinamukwiyira pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo kangapo anandipeza ndili ndi matsire, osafuna ngakhale kutsegula chitseko. Sananditukwane, komanso sanasinthe mawu ake. Mowa ndinausiya patapita zaka zina ziwiri, pa zifukwa zanga, ndipo pa anthu onse amene ndinkayenda nawo masiku amenewo, amene ndimalankhula naye mpaka lero ndi iye yekha.